Wokoka ndi Wogwira

Anthu ankawatcha a Mafupa, ndipo dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, munthu akabinya phazi, akatupa bondo kapena akaguluka phewa, abale ake ankathamangira naye kuchipinda cha kuseri kwa nyumba yawo. M'chipindamo munali benchi lalitali, beseni, botolo la mafuta ndi mtolo wa nsungwi zosema zomangira mikono. Zobinya ankazitikita okha, koma mbiri yawo inali pa mapewa. Munthu ankalowa atafukata mkono wake ngati khanda, akulira, n'kutuluka akudziveka yekha malaya. Ntchito ya phewa inkafuna anthu awiri. Akazi awo ankaima kumbuyo kwa wovulalayo atamukoleka nsalu m'khwapa kuti asatsetsereke, iwo n'kumakoka mkono kutsogolo. Kugwira munthu si ntchito yoti wina angaitchule pagulu, choncho panalibe woitchula.

Tsiku lina kunabwera mayi wa ku bungwe lina, chikwama chili tho ndi mapepala. Anakhala pa benchi lija n'kuwauza kuti ntchito imene amagwira ndi chitukuko chokhazikika. A Mafupa anayang'ana denga lodontha, anayang'ana beseni la dzimbiri, koma sanaone pamene chitukukocho chinabisala.

"Taonani bambo," anatero mayi wa bungweyo. "Chipatala chili kutali, mabasi awiri. Pulasitala amachokera kunja ndipo nthawi zambiri amakhala atatha. Nsungwi zanuzi mukadula zimaphukanso. Vuto ndi limodzi lokha. Inu mukadzatisiya, pepani kunena, luso lonseli lidzapita nanu kumanda."

"Ndiye mwabwera kudzandiuza kuti ndifa?"

"Ayi bambo. Tabwera kudzakonzekera."

A Mafupa sanadziwe ngati akuwatamanda kapena akuwalira ali moyo. Komabe mawuwo anawalasa pamalo pomwe panali pakupweteka kale. Ana awo atatu onse anaikana ntchitoyi. Wamkulu ankati sangapirire kulira kwa anthu, wachiwiri ankayendetsa lole, wotsiriza ankakomoka akangoona chala chopindika. A Mafupa ankaopa kufa nalo lusoli, ngakhale sankauza munthu.

Dongosolo linali lakuti akaphunzitse anthu khumi ndi awiri kwa masabata awiri mu holo ya bungwelo, kamera ikujambula. Pamapeto pake kudzabwera dokotala wa mafupa kudzaonerera. Akasayina, maphunziro apitirira chaka ndi chaka. Akakana, holo itsekedwa ndipo ophunzirawo abwerera kwawo. Pa fomu panali mzere umodzi wolembapo dzina la katswiri, ndipo a Mafupa anaudzaza wonse ndi zilembo zikuluzikulu. Akazi awo anali panja akuyanika nsalu zomangira mabala.

Sabata yoyamba inayenda ngati madzi. A Mafupa anazindikira kuti kamera amaikonda, ndipo anayamba kumeta ndevu tsiku lililonse. Anaonetsa kutikita akakolo, kuthowa bondo ndi madzi ofunda, kusema nsungwi kuti isalase khungu, komanso kuzindikira fupa lothyoka loyenera kulithamangitsira kuchipatala osaliseweretsa. Za phewa ankangofotokoza pakamwa, chifukwa phewa siliguluka poti lamva kuti pali maphunziro.

"Mumakoka pang'onopang'ono, osatukumula, osasiya," ankatero. "Mukuwerenga mumtima. Mukafika cha pa makumi anayi, phewa limavomera lokha."

"Limavomera bwanji, aphunzitsi?" anafunsa wophunzira wina, mmisiri wowotcherera zitsulo amene anzake ankamutcha Chimphona.

"Mumangomva."

Anthu khumi ndi awiri anaweramira m'makope mwawo n'kulemba kuti: mumangomva.

Dokotala anafika Lachinayi la sabata yachiwiri. Anali munthu wamtali, wowonda, wa mawu ochepa, ndipo ankayang'ana wotchi yake pafupipafupi. Asanamalize n'komwe kuona makope a ophunzira, pakhomo panamveka phokoso. Amuna awiri analowa atagwirizira mnzawo, wopaka utoto amene anagwa pa makwerero. Anayamba apita kunyumba kwa a Mafupa, ndipo mayi a kunyumbako anawalozera ku holo. Mayi wa bungwe nkhope inawala, kenako anachita manyazi kuti wasangalala ndi tsoka la munthu.

Dokotala anamugwiragwira wopaka utotoyo, anamva kugunda kwa magazi padzanja, anamutsina pakhungu n'kumufunsa ngati akumva. Kenako anatembenukira kwa a Mafupa.

"Sindikuona chothyoka. Ndikupatsani theka la ola. Likakana, ndimutenga pa galimoto."

A Mafupa anamwetulira. Theka la ola linali lokwanira mapewa asanu. Anamukhazika munthuyo pa tebulo, anapatsa Chimphona nsalu yatsopano ya bungwe kuti agwire kumbuyo, anadzola mafuta m'manja, n'kuwatembenuzira ku kamera kuti iwaone bwino. Anagwira mkono nayamba kukoka.

Anawerenga mpaka makumi anayi. Phewa silinavomere. Anafika makumi asanu ndi limodzi, wopaka utoto akukukuta mano, Chimphona ali nji ngati chipilala. Pa makumi asanu ndi atatu mphamvu zinawathera, ndipo anasiya.

Zimenezi zinawazunguza mutu. Anachita zonse monga amachitira masiku onse, osadumpha kanthu. Anayang'ana tebulo, anayang'ana nsalu, anayang'ana nyali ya kamera imene inkawathobwa m'maso, kufuna choti achiloze chala.

"Tebuloli latalika," anatero. "Nsalunso iyi ndi yoterera. Pitani kunyumba mukatenge benchi langa ndi nsalu yanga."

Mayi wa bungwe anawayandikira n'kunong'ona. "Bambo, za benchi sitinalembe m'buku. Kodi aliyense wa anthu khumi ndi awiriwa adzafunika benchi lanu lomwelo?"

"Mwina lofanana nalo."

"Lofanana motani? Msinkhu kapena mtengo wake?"

A Mafupa nawonso ankadzifunsa zomwezo.

Kunyumba kunali pafupi. Posakhalitsa benchi linafika pa ngolo yokankha, ndipo kumbuyo kwake kunali akazi awo, akupuma mwawefuwefu, nsalu yakale ija ataipinda bwino pachifuwa. Sanafune kuipereka kwa wokankha ngolo chifukwa manja ake anali a makala. Atalowa, analunjika kumbuyo kwa wovulalayo monga mwa chizolowezi, koma mayi wa bungwe anawatchinga mwaulemu.

"Amayi, inu pumulani apa. Lero agwire ophunzira, n'chimene tabwerera."

Akazi awo a Mafupa anapereka nsalu ija kwa Chimphona ndi manja awiri, n'kukakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko.

Anayesanso kachiwiri, pa benchi lawo, ndi nsalu yawo, nyali itazimitsidwa. A Mafupa anakoka mosamala kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wawo. Anawerenga, anapitirira, anasokoneza n'kuyambiranso. Phewa linangoti phee pamene linali.

"Bambo, mwatani lero?" analira wopaka utoto. "Phewa lomweli munandibwezera zaka zitatu zapitazo ndisanamalize n'komwe kupemphera."

"Kwatsala mphindi zisanu," anatero dokotala.

A Mafupa anayang'ana manja awo. Anali omwe aja, zala khumi, zipsera zomwe zija. Kodi luso limatha tsiku limodzi ngati gasi wa mu sitovu? Kapena linachoka tsiku limene mayi wa bungwe anatchula za manda? Anaganiza za kamera, kuti mwina yakhala ikuwayamwa pang'onopang'ono masabata awiri onsewa, kenako anadzidzudzula kuti munthu wamkulu saganiza zotero. Ophunzira ena onse anali atagwira zolembera m'mwamba, kudikira choti alembe. Mantha anawagwira, osati oopa kusekedwa okha, koma oti mwina analibe chophunzitsa chilichonse ndipo anthuwa awataitsira nthawi pachabe.

Apa m'pamene akazi awo anadzuka. Anayenda mwakachetechete n'kumugwira Chimphona pa chigongono.

"Tapumulaniko achimwene, mwatopa."

Chimphona sanali wotopa, akanatha kugwira mpaka mawa. Koma anaipereka nsaluyo. Mayi wa bungwe anatsegula pakamwa, dokotala n'kumukwezera dzanja kuti asiye. A Mafupa anagwiranso mkono uja popanda chiyembekezo, n'cholinga chongomaliza mphindi zimene anapatsidwa. Anayamba kuwerenga. Anadutsa makumi anayi, phewa osavomera. Atafika pa makumi asanu ndi mphambu ziwiri panamveka kaphokoso kakang'ono, ndipo mkono unafewa m'manja mwawo. Wopaka utoto anapuma mozama, anayang'ana phewa lake, nayamba kuseka misozi ili mbwembwembwe.

Ophunzira anaomba m'manja. A Mafupa anapukuta thukuta n'kutembenukira ku kamera.

"Mwaona? Benchi limafuna lizolowere kaye malo."

Ena analemba zimenezo. Koma dokotala sankaomba m'manja, ndipo sanali kutsogolo kumene aliyense ankayang'ana. Anali ataima kumbuyo kwa akazi awo a Mafupa, ataweramira pa phewa lawo.

"Amayi, munachita chiyani ndi chala chachikulucho?"

"Ine? Ndimangogwira, adokotala."

"Tagwiraninso ndione. Pa bambo awa."

Chimphona anavula malaya n'kukhala pa benchi. Mayiwo anachita manyazi, anapukuta manja pa siketi, kenako anasanjika dzanja pa msana wake.

"Pali fupa lathyathyathya apa kumbuyo kwa phewa," anatero motsitsa mawu. "Pansi pake lili ndi kansonga. Bambo akayamba kukoka, mnofu umalimbana nawo kaye. Ndiye ndimadikira. Ukatopa mnofuwo, ndimakankha kansongako kulozetsa ku msana. Basi, palibe china."

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Akazi a malume awo a bambowa. Malumewo ndi amene ankakoka kale, iwo akugwira. Nditangokwatiwa ananditengera ku khitchini n'kundiuza kuti ndifune kansongako pa msana wawo. Ndinafuna mwezi wathunthu."

A Mafupa anamva ngati wina wawachotsera mpando ali pafupi kukhala. Anapempha kuti aone zimene kamera yajambula, poganiza kuti mwina ziwathandiza. Zinaonetsa manja awo onyezimira mafuta, nkhope yawo yometedwa bwino, ndi mkono wa wopaka utoto. Kumapeto kwenikweni kwa chithunzi kunkaoneka kachigongono ka munthu wina.

"Bwanji simunandiuze, amayi?" anafunsa.

Akazi awo anawayang'ana modabwa kwenikweni, osati modzionetsa.

"Ndikuuzeni chiyani? Ndinkayesa mumadziwa. Nanga zaka zonsezi mumayesa ndimatani kumbuyoku?"

"Mumagwira."

"Eya, ndiko kugwirako."

Ophunzira ena anaseka, ena anaweramitsa mitu. A Mafupa anakumbukira maulendo awiri pamene phewa linawakana. Ulendo woyamba akazi awo anali kochira mwana wotsiriza, wachiwiri anali ku maliro a mchemwali wawo. Maulendo onse awiri anauza abale a wovulalayo kuti kutupa kwachuluka, apite naye kuchipatala, ndipo iwo eni anakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Tsopano sanadziwe kuti pa zinthu zimene amadziwa, zoona ndi ziti. Malume awo kodi ankadziwa? Kapena nawonso anamwalira akutamanda manja awo?

Dokotala anawachitira chifundo. Anati njira imeneyi imadziwika ngakhale kuchipatala, ndipo chala sichingachite kanthu popanda wokoka wodekha amene satukumula mkono. Anati wokoka ngati a Mafupa ndi wosowa. A Mafupa anagwedeza mutu, koma mawuwo anawamva ngati switi yopatsa mwana wobayidwa jakisoni.

"Ndisayina," anatero dokotala, "koma pokhapokha amayiwa ataphunzitsa anthuwa mbali yawo. Muwonjezere sabata imodzi, kuyambira Lolemba. Mukawatumiza ndi kukoka kokha, akathyola anthu mikono."

Mayi wa bungwe anatulutsa fomu ija n'kuitembenuzatembenuza. Mzere unali umodzi, ndipo unali wodzaza kale. Anafunsa ngati dzina lachiwiri lingalembedwe m'mphepete, kapena alembe kuti wothandizira, kapena wothandizirayo ndi uti tsopano. Pomaliza anafunsa akazi awo a Mafupa ngati Lolemba angafike pa eyiti koloko.

"Ndiganize kaye," anatero mayiwo.

Dokotala anati aimbiridwe foni zikadziwika, anamangirira mkono wa wopaka utoto pachifuwa, n'kunyamuka pepala lili losasayina.

Anthu atabalalika, awiriwo anatulutsa benchi lawo pakhonde la holo n'kukhalapo kudikira wokankha ngolo. Dzuwa linali lidakali pamutu. A Mafupa anakhala kumapeto kwina, akazi awo kumapeto kwina, nsalu ili pakati. Mumtima mwawo munali manyazi, mkwiyo, ndi chinanso chimene sanachidziwe dzina. Anaganiza kuti mayiwo akuwalanga, ndipo sanathe kunena kuti chilangocho n'chosayenera.

"Ngati mukufuna ndipepese pamaso pa anthu aja, ndipepesa," anatero potsiriza. "Dzina langa alifufute, alembe lanu. Koma musalole kuti holo itsekedwe chifukwa cha uchitsiru wanga."

"Dzina ndilitani ine, bambo?"

"Nanga mukuganiza chiyani?"

Mayiwo anatambasula dzanja lamanja n'kuliika pa nsalu ija, pakati pawo.

"Munawerenga mpaka zingati lero?"

"Makumi asanu ndi mphambu ziwiri."

"Ndinaphonya kawiri. Chalachi sichikumva. Ndimakankha mongokumbukira kuti kansonga kamakhala cha apa. Lero zinatheka chifukwa munthuyo ndi wowonda. Ndiye ndikaime pamaso pa anthu khumi ndi awiri, ndikawauze kuti imvani chinthu chimene ine sindikuchimva?"

"Zinayamba liti?"

"Chaka chatha chisanathe."

"Osandiuza?"

"Woona manja a anthu ndinu. Dzanja lomweli limakupatsirani madzi osamba m'mawa uliwonse."

A Mafupa analitenga dzanjalo. Anali atagwira manja a anthu osawerengeka, a omanga nyumba, a osewera mpira, a ana ogwa m'mitengo, koma ili anali asanaligwirepo ngati dzanja lofunika kuliyeza. Mfundo ya chala chachikulu inali yotupa ndi yolimba, itapindikira kunja. Anaizunguza pang'ono n'kumva mafupa akukhulana ngati miyala iwiri youma. Pa chinthu chimodzi ichi sanasokonezeke. Ankachidziwa bwino, ndipo akanakhala munthu wina akanamuuza mosabisa kuti palibe mafuta kapena kuthowa kumene kungabwezere chala choterechi. Chinathera pa misana ya anthu, chaka ndi chaka, iwo akulandira zikomo kutsogolo. Anapitiriza kuchitikita ngakhale ankadziwa kuti n'zopanda ntchito.

Mayiwo anawalola kwa kanthawi. Kenako anachotsa dzanja lawo, anasendera pafupi n'kuwatembenuzira msana.

"Funani."

"Ndifune chiyani?"

"Kansonga kaja. Ngati Lolemba tipite, pakamwa pakhala panga, chala chikhala chanu. Mukakapeza pa ine, mukathanso kuwagwira dzanja anthu aja n'kuwaonetsa. Ine zinanditengera mwezi. Inu muli ndi masiku atatu."

"Pano? Pakhonde la eni?"

"Anthu akuonani kale mukulephera, bambo. Chatsala n'chiyani?"

Wokankha ngolo anatulukira pa geti, anawaona, anaima n'kuyamba kuyang'ana kumwamba. A Mafupa anasanjika dzanja pa msana wa akazi awo. Unali wochepa kuposa mmene ankaganizira. Anayendetsa chala chawo chachikulu pang'onopang'ono pamwamba pa bulauzi, kutsika, kubwerera, kutsikanso, mpaka chinagunda pa chinthu cholimba.

"Apa?"

"Imeneyo ndi nthiti, bambo," anatero mayiwo mofatsa. "Kwerani pang'ono. Musaope, sindisweka."